Ndinawatumizira kelp achemwali anga ndikuyesa ndawathandiza

A Mkonzi,

Ndine mwana wa ku Ntcheu, chakumtunda kwa Tsangano, koma papita zaka 9 ndili kuno ku Hermanus, kumunsi kwenikweni kwa South Africa, komwe ndimagwira ntchito pa famu ya perlemoen. Perlemoen ndi nkhono za m'nyanja yamchere zomwe zimakagulidwa pamtengo wokwera ku Hong Kong, ndipo chimodzi mwa zakudya zake ndi ndere yaikulu yofiirira imene Azungu amati kelp, anzathu achiafirikanzi n'kumati seebamboes. Ndere imeneyi ndimaitsitsa m'galimoto, kuidula ndi kuiponya m'matanki pafupifupi tsiku lililonse, moti fungo lake silichoka m'jombo zanga. Ndiye ndikamaona zithunzi za mabotolo a kelp zikuzungulira m'magulu a WhatsApp akumudzi, ati imasungunula chithokomiro, ati imaphwetsa mimba, ati imatsuka magazi, mtima wanga sukhala m'malo. Sindikulemba ngati dokotala ayi. Ndikulemba ngati munthu amene anadwalitsa mlongo wake ndi manja ake.

Poyamba ndifotokoze chinthucho, chifukwa ambiri amene akugulitsa sanachionepo ndi maso. Si ndere yobiriwira ija timaterereka nayo pamiyala mumtsinje. Iyi imakakamira pathanthwe pansi pa nyanja, tsinde lake lili ndi mphako ngati nsungwi, limatalika kuposa mamita 10, ndipo kumtunda limatupa n'kudzaza mpweya kuti masamba aziyandama poona dzuwa. Madzi akaphwera mumangoona timitu takudatakuda tikuvinavina pamafunde ngati anthu akusamba. Imafuna madzi ozizira. Kuno imamera kuyambira cha ku Cape Agulhas, nsonga ya kumwera kwenikweni kwa Africa, kukwera mpaka ku Namibia, komwe kumadutsa madzi ozizira a Benguela. Ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam madzi ndi ofunda, nkhalango zoterezi kulibe. Ndere imene amayi a ku Zanzibar amalima pazingwe, yomwe Aswahili amati mwani, ndi mtundu wina, ngakhale ogulitsa athu amangosakaniza mayina onse m'thumba limodzi. Mu Juni ndi Julayi mphepo ikawomba, kelp imazuka n'kudzaunjikana kugombe milumilu, kununkha kwake ntchentche zimachita kuitanizana.

Achemwali anga aakulu ali ndi chithokomiro kuyambira ali mtsikana. Amayi athu nawonso anali nacho, ndipo m'mudzi mwathu ndili mwana amayi otupa pakhosi sanali achilendo, ena ankangozenga kaduku pakhosi popita kutchalitchi. Achemwaliwo amagulitsa kachewere ndi kabichi pamsika wa m'mbali mwa msewu. Chotupacho sichinkawapweteka, koma manyazi ndiwo ankawadya, makamaka pa zinkhoswe ndi pojambulitsa. Mu 2022 ndinamva mnzanga wina kuntchito akunena kuti kelp yadzaza ndi ayodini, ndipo ine ndinali nditaphunzira kale ku pulayimale kuti chithokomiro chimabwera chifukwa chosowa ayodini. Ndinaphatikiza ziwirizi n'kudziona ngati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Ndinagula mabotolo awiri a mapiritsi a kelp mu shopu ya zakudya za thanzi, R180 lililonse. Poona kuti achepa, ndinatenga masamba otsala kuntchito, kuwayanika padenga la nyumba yanga, kuwapera, n'kudzaza botolo la chiponde. Zonsezi ndinapatsira transipota wodzera ku Beitbridge ndi ku Tete. Pafoni ndinawauza kuti: “Achemwali, piritsi limodzi m'mawa, ndipo ufawo muzithira sipuni yaing'ono m'phala. Ndi zachilengedwe izi, sizipweteka.” Safunsa anadya phula, koma phula langa linadyedwa ndi wina.

Miyezi iwiri isanathe, alamu anandiimbira usiku. Akuti mtima wa achemwali ukugunda ngati wathamangitsidwa ndi galu, pomwe angokhala pamkeka. Manja ankanjenjemera moti kubweza chenji pamsika kunkavuta, makobidi amangogwa. Inu mukudziwa mmene kumazizirira ku Tsangano mu Juni, ana amachita kukana kusamba, koma iwo ankagona osafunda, thukuta kamukamu. Nsima ankadya kuposa kale, koma chitenje chinayamba kuwazungulira kawiri. Tulo kulibe. Ukali ndiye wosaneneka, munthu amene anatilera tonse osatimenyapo. Pamsika anthu anayamba kunong'onezana, ena za matenda aja mukuwadziwa, ena kuti anzawo a malonda awaponda. Kuchipatala chaching'ono anawayeza malungo, shuga ndi HIV, zonse osapezeka. Ndipo ine, ndili kutali, ndinawalangiza kuti awonjezere ufa uja kuti thupi lipeze mphamvu. Chimenechi ndicho chimandiwawa kuposa zonse.

Anapulumukira kwa dokotala wina m'tauni amene anawagwira pamkono, kuyang'ana khosi, n'kufunsa funso limene wina aliyense sanafunse: “Mayi, kupatula mankhwala akuchipatala, mukumwa chiyani kunyumba?” Alamu anatulutsa botolo la chiponde lija m'chikwama. Anawatenga magazi kuyeza zimene amati TSH ndi T4, ndipo zinaonetsa kuti kachiwalo ka pakhosi kakugwira ntchito mopyola muyezo. Anawauza kuti asiye kelp tsiku lomwelo, anawapatsa propranolol wokhazika mtima pansi ndi carbimazole wochepetsa ukali wa kachiwaloko. Zinatenga miyezi kuti thupi libwerere. Ndalama zimene zinapita pa mayendedwe ndi poyezetsa magazi zinaposa kutali za mabotolo anga aja, osawerengera malonda amene anaima nyengo yonse ya kachewere.

Zitachitika izi ndinakhala pansi n'kuyamba kufunsa ndi kuwerenga, zimene ndikadachita poyamba. Pakhosi, kunsi kwa kholingo, pali kachiwalo kooneka ngati gulugufe kamene kamatenga ayodini m'magazi n'kupanga timadzi toyendetsa liwiro la thupi lonse: kagundidwe ka mtima, kutentha kwa thupi, kagayidwe ka chakudya, kakulidwe ka ubongo wa mwana. Ayodini akasowa kwa zaka zambiri, kachiwaloko kamakula pofuna kukokera kochepa komwe kalipo, ndicho chithokomiro chimene tinazolowera m'madera akumapiri otalikirana ndi nyanja yamchere. Mpaka apa ndinkakhoza. Chimene sindinkadziwa n'chakuti chotupa chikakhalitsa, mkati mwake mumamera timibulu tina tomwe sitimveranso malamulo a thupi. Timibulu timeneti tikalandira ayodini wambiri mwadzidzidzi timangopanga timadzi tija osaleka, ngati chigayo chimene mwini wake wachoka osathimitsa. Madokotala amalidziwa vutoli kuyambira kalekale, ndipo ali nalo ndi dzina, Jod-Basedow. Ndiye kuti munthu amene ogulitsa kelp akumulondalonda kwambiri, mayi wachikulire wa chithokomiro chakale, ndi yemweyo amene kelp ingamupweteke msanga kuposa wina aliyense.

Kwa ena zimatembenuka. Ayodini akachulukitsa, kachiwaloko kamatseka chitseko n'kuchepetsa ntchito, munthu n'kumangofooka, kuzizidwa, kunenepa, kudzimbidwa, khosi n'kutupa. Ku Hokkaido, chilumba chakumpoto kwa Japan komwe amakolola kelp yambiri, madokotala anapeza kale anthu a m'mphepete mwa nyanja ali ndi chithokomiro chobwera chifukwa chodya ndereyi mopitirira. Chotupa chimodzimodzi, china chochokera ku njala ya ayodini, china ku kukhuta kwake. Ndi maso simungasiyanitse, ndi kuyezetsa kuchipatala kokha kumene kumanena.

Manambala ake ndi awa, ndipo ndikupempha owerenga asawadumphe. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu amafunika mamayikulogalamu 150 a ayodini patsiku, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa 250. Mayikulogalamu imodzi ndi galamu imodzi yogawidwa ka 1,000,000. Mukawerengera moyo wonse wa munthu, ayodini amene amafuna sadzaza n'komwe sipuni yaing'ono ya tiyi. Malire amene akatswiri a ku America anaika kuti wamkulu asapyole patsiku ndi 1,100, a ku Ulaya anaika 600. Tsono galamu imodzi yokha ya kelp youma ya mtundu wa kombu, kachidutswa kosaposa bokosi la machesi, ikhoza kukhala ndi mamayikulogalamu oposa 1,000, ndipo kawirikawiri imafika ku 2,000 kapena kupitirira. Sipuni ya ufa imalemera magalamu angapo. Werengerani nokha zimene ndinkawamwetsa achemwali anga m'mawa uliwonse, pamwamba pa piritsi, pamwambanso pa mchere wa m'ndiwo. Choipanso n'chakuti muyezo wake sukhazikika: umasintha ndi mtundu wa ndere, malo amene yamera, nyengo ndi kaumitsidwe. Ufa wopera pakhomo ngati wangawu ulibe n'komwe pepala lonena chilichonse.

Wina anganene kuti izi zinachitika chifukwa cha umbuli wa munthu mmodzi wa ku Ntcheu. Ku Australia, dziko la malamulo okhwima pa zakudya, mkaka wa soya wotchedwa Bonsoy unachotsedwa m'masitolo mu Disembala 2009 atapeza kuti kombu amene ankathiramo anachulutsa ayodini. Anthu pafupifupi 500, ena mwa iwo amayi amene anali oyembekezera kapena oyamwitsa, anakasuma, ndipo mu 2014 mlandu unatha pogwirizana chipukuta misozi cha madola a ku Australia 25 miliyoni. Komweko madokotala anachenjezapo za makanda amene kachiwalo kawo ka pakhosi kanafooka amayi awo atamwa kwambiri msuzi wa ndere, womwe ku Korea ndi mwambo wa mayi amene wangochira kumene. Pafupi nafe pompano, ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1990, mchere wa ayodini utangofalikira ndipo wina uli ndi ayodini wopitirira muyezo, madokotala a ku Harare anaona odwala ngati achemwali anga akuchuluka, makamaka achikulire a chithokomiro chakale. Sanauthetse mcherewo, anakonza muyezo wake. Ngati mchere wopimidwa kufakitale unafunika kuulondoloza chotero, nanga ufa wa m'botolo la chiponde?

Ndisaoneke ngati ndikunyoza mbale imene ndimadyeramo. Kelp ndi chinthu chabwino kwambiri pamalo pake, ndipo ana anga akuphunzira ndi ndalama zochokera kwa iyo. Ayodini weniweniyo anatulukira m'phulusa la ndere za m'nyanja: mu 1811 Mfalansa wina, Bernard Courtois, ankatcheza phulusalo popanga zopangira onga wa mfuti, n'kuona nthunzi yapepo ikutuluka mumphika. Nditawerenga izi ndinaseka ndekha pokumbukira agogo akutcheza chidulo cha therere. Mu 1881 katswiri wina wa ku Britain, E. C. C. Stanford, anatulutsa mu ndere yofiirira chinthu chonanda chotchedwa alginate, chomwe lero chili mu ayisikilimu, m'phala lija dokotala wa mano amakulumitsani pofuna kutenga chikombole cha mano, m'nsalu zomangira zilonda zotuluka madzi, ndi m'mankhwala a chilungulira ngati Gaviscon. Ambiri a ife tadyapo kelp osadziwa. Ku Simon's Town, pafupi ndi Cape Town, amafinya kelp yathu yomweyi n'kupanga Kelpak, madzi opopera mbewu kuti mizu ikule, ndipo amagulitsa mpaka kunja. Inenso kadimba kanga ka mpiru ndi chayinizi m'matayala kuseri kwa nyumba ndimakathira kelp yovunda, nditaitsuka kaye mchere, ndipo Amalawi anzanga a ku Zwelihle, lokeshoni ya kuno ku Hermanus, amadzapempha masamba Loweruka lililonse.

Ngakhale kudya imadyedwa. Ili ndi kashiamu, maginiziyamu, ayironi pang'ono ndi zakudya zothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino. Koma taonani mmene eni ake amachitira. Mayi wa ku Japan amadula kachidutswa ka kombu, kukaviika mumphika wa madzi, kukatenthetsa, n'kukavuula madzi asanawire, msuziwo n'kugawana banja lonse. Kukoma kwa msuzi umenewu ndi kumene kunachititsa Kikunae Ikeda wa ku Tokyo kutulukira mu 1908 kuti kukomako kumachokera ku glutamate, chokometsera chija chili m'timabulu ta supu tomwe timathira mu nyemba. Kwa iwo kombu ndi chokometsera, monga mmene chidulo chilili kwa ife. Therere lopanda chidulo silikoma, koma sindinaonepo munthu akumwa kapu ya chidulo m'mawa uliwonse kuti akhale ndi thanzi. Komanso matupi awo anazolowera ayodini wambiri kuyambira ali ana, pomwe ife ambiri tinakulira kosowa.

Za kuphwetsa mimba ndinene mwachidule. Zimene ogulitsa amatchula zinaoneka kwambiri pa mbewa za mu labotale, osati pa anthu odya nsima. Ndipo ngati mwamwa kelp n'kuyamba kuonda msangamsanga mtima ukuthamanga, musathokoze wogulitsa. Achemwali anga nawonso anaonda.

Pali china chimene anthu a kutali ndi nyanja sangachiganizire. Ndere imayamwa zimene zili m'madzi, zabwino ndi zoipa zomwe, kuphatikizapo poizoni monga arsenic, cadmium ndi mtovu. Mu 2004 bungwe loona zakudya ku Britain linalangiza anthu kusiya kudya ndere ina yofiirira yotchedwa hijiki chifukwa cha arsenic. Ku Cape Town kuli mapaipi otayira zonyansa za m'zimbudzi m'nyanja ku Green Point, Camps Bay ndi Hout Bay. Abale anga a ku Imizamo Yethu, ku Hout Bay komweko, amene mumatola kelp kugombe n'kumayanika kuti mutumize kumudzi, ganizirani madzi amene yakuliramo, ndipo dziwani kuti kutola zomera za m'nyanja kuno kumafuna chilolezo. Odwala impso, omwa mankhwala a chithokomiro, a mtima monga amiodarone, kapena osungunula magazi monga warfarin, asayerekeze n'komwe asanafunse kuchipatala.

Ndiye ayodini timupeze kuti, poti chambo ndi usipa ndi nsomba za madzi opanda mchere ndipo zilibe wambiri ngati za ku nyanja yamchere? Yankho lili kale pa alumali m'khitchini mwanu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 lamulo la dziko lathu limafuna kuti mchere wodya anthu uzikhala wothira ayodini, ndipo kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mabanja pafupifupi 9 mwa 10 alionse ali ndi mchere wotere. N'chifukwa chake ana a achemwali anga, atsikana atatu, makosi awo ali bwinobwino pomwe amayi awo ndi agogo awo anatupa. Palibe amene anaika chithunzi cha paketi ya mchere pa Facebook n'kulemba kuti mankhwala odabwitsa, koma ntchito imene yagwira m'mudzi mwathu ndaiona ndi maso. Gulani wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini m'malo mwa wopimidwa pamulu wosadziwika kochokera. Usungeni m'chitini chotseka, kutali ndi moto ndi dzuwa, chifukwa ayodini amauluka. Sikuti muchulutse mchere m'ndiwo ayi, BP ili pakhomo, wochepa womwewo ukukwana. Kwa abale akunyanja odya kondowole, chinangwa chowawa chiziviikidwa mpaka chifewe bwino, chifukwa chosaviikika mokwanira chimasiya m'thupi zinthu zotsekereza ayodini kulowa m'kachiwalo kaja.

Amayi oyembekezera ndiwo ndikuwadandaulira kwambiri, poti uthenga wina umene ndinauona unkati kelp imanola nzeru za mwana ali m'mimba. N'zoona kuti ayodini akasowa ubongo wa mwana sukula bwino. Koma akachuluka amadutsanso kupita kwa mwanayo, m'mimba ngakhale mu mkaka wa m'mawere, ndipo kachiwalo ka khanda sikatha kudziteteza ngati ka munthu wamkulu. Kusikelo kulipo, funsani anamwino.

Pempho langa kwa a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi a Malawi Bureau of Standards ndi lakuti aziyang'anako mabotolo amene akulowa m'zikwama za apaulendo n'kumagulitsidwa pa foni, ena opanda chizindikiro chonena kuchuluka kwa ayodini. Ndikudziwa mmene amalowera, poti anga analowa choncho. Kwa azachipatala, funso lija la “mukumwa chiyani kunyumba” lizifunsidwa msanga, ndipo odwalafe tiziyankha zoona, chifukwa ambiri timaganiza kuti chinthu chikakhala cha masamba si mankhwala. Kwa inu a nyuzipepala ndi a wailesi, wotsatsa akabwera ndi malonda akuti amasungunula chithokomiro, mufunseni kuti chithokomiro chake chiti. Zotupa za pakhosi zili mitundumitundu: china n'chosowa ayodini, china n'cha thupi kudziukira lokha, china ndi kathumba ka madzi, ndipo chochepa mwa izo ndi khansa. Chimene chikukula msanga, cholimba, chosintha mawu kapena chovutitsa kumeza ndi kupuma sichofunika kudikira transipota wochokera ku Joni.

Ndipo kwa anzanga a kuno, amene timatumiza katundu kumudzi mwezi ndi mwezi: chinthu chikachokera kwa ife abale sachikayikira. Achemwali anga anamwa ufa wonunkha nyanja uja miyezi iwiri, akuchita kutsinzina pomeza, chifukwa choti unachokera kwa mlongo wawo wa kunja amene akuti amadziwa zinthu.

Pano abwerera pamsika, manja sakunjenjemeranso, ndipo amapita kukayezetsa magazi pa masiku amene anapatsidwa. Chotupa chikadalipo monga chinalili, madokotala akuchiyang'anira ndipo anakamba za opaleshoni chikadzayamba kuwapanikiza. Nditapita kumudzi pa Khirisimasi chaka chathachi ndinapepesa pamaso pa alamu. Anangoseka n'kundilozera kuseri kwa khola, komwe anakhuthulira ufa wotsala uja patsinde la pichesi. “Achimwene,” anatero, “ulendo wina mudzangotumiza sopo ndi mafuta ophikira.”

Mwana wa ku Ntcheu,
Hermanus, South Africa